Dzuwa la ku Kona: chimene chimagwetsa akatswiri a Ironman

[Pakanema: m'bandakucha, khamu la osambira lili m'madzi pagombe la Kailua-Kona]

Moni nonse, takulandirani. Lero tili pachilumba chachikulu cha Hawaii, m'tauni ya Kailua-Kona, kwawo kwa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa Ironman. Kwa amene simunauwonepo, umayenda chonchi: munthu amasambira makilomita 3.8 m'nyanja yamchere, akatuluka amapalasa njinga makilomita 180, akatsika njingayo n'kuthamanga makilomita 42.2. Zonsezi tsiku limodzi, osapumira, ndipo ayenera kumaliza maola 17 asanathe.

Unayambira pachilumba cha Oahu mu 1978 ndi amuna 15 okha, ndipo Gordon Haller anapambana atatenga maola 11 ndi mphindi 46. Mu 1981 unasamukira ku Kona. Pofika 2024, Patrick Lange wa ku Germany anamaliza mtunda womwewu m'maola 7, mphindi 35 ndi masekondi 53. Njinga zasintha, zakudya zasintha, maphunzitsidwe asintha. Koma mpaka lero akatswiri amagwabe pamsewu kutatsala pang'ono kuti amalize. Funso lathu lero ndi lakuti: chimawagwetsa n'chiyani?

[Pakanema: msewu wa Queen Kaahumanu ukudutsa pakati pa miyala yakuda]

Choyamba chodabwitsa n'chakuti ku Kona sikutentha moopsa mukangoyang'ana manambala. Masana amafika cha m'ma 30 digiri. Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa akhoza kunena kuti Okutobala wa kwawo amaposa pamenepo, ndipo sakunama. Koma motowo sukuchokera kumwamba kokha. Wambiri ukuyaka m'thupi momwemo.

Minofu ikamagwira ntchito, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu a mphamvu zake ndilo limasanduka liwiro. Zotsalazo zimasanduka kutentha. Munthu wopalasa mwamphamvu kwa maola anayi ndi theka amakhala akusonkhezera moto m'kati mwake nthawi yonseyo, ndipo motowo uyenera kupeza potulukira. Khomo lake lalikulu ndi thukuta.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ambiri timaganiza kuti kutuluka thukuta ndiko kuzizira. Ayi. Thukuta limaziziritsa likauma pakhungu. Mukudziwa mtsuko wadothi: madzi ake amazizira chifukwa pang'onopang'ono amadutsa m'dothimo n'kuuma kunja, ndipo pouma amachoka ndi kutentha. Khungu limachitanso chimodzimodzi. Tsono mpweya wa ku Kona ndi wodzaza kale ndi chinyontho cha m'nyanja, moti sulandira thukuta msanga. Limangoyenderera, n'kudontha m'nsapato. Wothamangayo wataya madzi, wataya mchere, koma kuzizira kwenikweni sanakupeze. Onjezani miyala yakuda ya chiphalaphala chouma imene imamwa dzuwa n'kulibweza kumaso, ndi msewu wautali wopanda mthunzi. Ngakhale m'nyanja momwe, madzi amakhala ofunda pafupifupi madigiri 26, n'chifukwa chake ku Kona saloleza zovala zalabala zosambirira, zija zofunditsa thupi m'madzi ozizira.

[Pakanema: chojambula cha mtima, miyendo, khungu ndi matumbo]

Tsopano tifike pachimake. Magazi m'thupi ndi owerengeka, koma tsiku la mpikisano akuitanidwa mbali zitatu. Miyendo ikufuna magazi kuti ilandire mpweya. Khungu likufuna magazi kuti atulutse kutentha. Matumbo akufuna magazi kuti agaye chakudya, pakuti wopikisana amayenera kulowetsa magalamu 60 mpaka 90 a shuga ndi zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, kupanda apo mphamvu zimamuthera. Pamene atatuwa akulimbirana, thukuta likuchepetsa magaziwo: lita imodzi kapena awiri pa ola, ena kuposa apo.

Mtima umayesetsa. Umayamba kugunda mofulumira pa liwiro lomwe lija, ndipo amene amavala wotchi yowerenga kugunda kwa mtima amaona nambala ikukwera iwo osawonjezera mphamvu. Thupi likapanikizika, loyamba kumanidwa ndi matumbo. Chakudya chimangokhala m'mimba, nseru imabwera, munthu amasanza, ndiye sangathenso kudya kapena kumwa pa nthawi imene akufunikira kwambiri zimenezo. Chris Legh wa ku Australia anagwa mu 1997 kutatsala mamita pafupifupi 50 kuti amalize, ndipo madokotala anachita kudula mbali ina ya matumbo ake imene inali itafa. Umu ndi momwe nkhondo ya magaziyi imafikira.

N'chifukwa chake ine ndimati mpikisano wa ku Kona umapambanidwa kapena kutayidwa panjinga. Popita ku Hawi, komwe amakhotera, mphepo imawomba nkhope, thukuta limauma msanga, munthu amadzimva kuti ali bwino. Mtima umamuuza kuti aponde kwambiri. Ngongoleyo amakaibweza pa kilomita ya 30 yothamanga, kudera lotchedwa Energy Lab, komwe kulibe mthunzi, kulibe khamu lochemerera, ndipo potuluka pali chitunda. Wanzeru amatsitsa mphamvu m'mawa akadali ndi nyonga, ngakhale anzake akumupitirira. Zimafuna kudziletsa kwakukulu, ndipo kwa ine luso limeneli ndi lofunika kuposa miyendo yamphamvu.

[Pakanema: wothamanga akudzandira pa Alii Drive]

Musaganize kuti izi zimagwera ongoyamba kumene. Paula Newby-Fraser, wobadwira ku Harare n'kukulira ku South Africa, anapambana ku Kona kasanu ndi katatu. Koma mu 1995, ali patsogolo, anadzandira n'kukhala pansi kutatsala mamita mazana ochepa. Karen Smyers anamudutsa n'kupambana, ndipo Newby-Fraser anadzamaliza pa nambala 4. Mu 2025, Lucy Charles-Barclay wa ku Britain ndi Taylor Knibb wa ku America anali patsogolo pa onse kwa maola ambiri. Onse awiri sanamalize. Knibb anagwa kutatsala makilomita owerengeka, ndipo Solveig Løvseth wa ku Norway ndiye anapambana.

Ndiye amene amafika bwino amachita chiyani?

Ntchito yaikulu imachitika asananyamuke kwawo. Thupi limaphunzira kutentha. Munthu akamachita masewera m'malo otentha tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba msanga, ndipo mchere wotuluka nalo umachepa. Ochokera kumayiko ozizira amapalasa njinga m'chipinda chotsekedwa, ena amalowa m'bafa la madzi otentha akamaliza kuthamanga, ena amafika ku Hawaii kukadali milungu iwiri. Amadziyezanso pasikelo asanayambe ndi pomaliza masewera: kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta. Akatero amadziwa mlingo wawo, m'malo motengera wa mnzawo.

Pa tsikulo, malo operekera madzi amapezeka pafupifupi kilomita imodzi ndi theka iliyonse pothamanga. Muwone zimene akatswiri amachita akafikapo: amachepetsa liwiro, ena amayenda ndithu, kuthira ayezi m'chipewa, m'malaya, kufumbata wina m'manja, kudzithira madzi ozizira thupi lonse. Amataya masekondi ochepa kuti asadzataye ola.

[Pakanema: botolo la madzi likudzazidwa mpaka kusefukira]

Pali msampha wina umene ndikufuna muumve bwino, chifukwa umapha anthu amene akuyesetsa kudzisamala. Kumwa madzi mopitirira. Mu 1985, Tim Noakes wa ku yunivesite ya Cape Town ndi anzake anafotokoza za othamanga mitunda italiitali amene anadwala chifukwa cha madzi ochuluka. Madziwo amasungunula mchere wa sodium m'magazi, ukatsika kwambiri ubongo umatupa. Matendawa amatchedwa hyponatremia, ndipo amakonda kugwira amene amakhala pamsewu maola ambiri akumwa pa malo aliwonse. Zizindikiro zake, monga mutu, nseru ndi kusokonezeka, zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi, moti wachifundo wosadziwa amamuwonjezera madzi ena. Kumwa mchere wa mapiritsi sikungakupulumutseni ngati mukumwa madzi oposa amene mukutaya. Munthu amene walemera kwambiri pomaliza kuposa poyamba, wamwa mopitirira.

Chomaliza, ndipo ichi chikukhudza aliyense wothamanga, wopalasa kapena wosewera mpira padzuwa, kaya ali kuti. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukapitirira madigiri 40, ubongo umayamba kusokonezeka. Choopsa n'chakuti mwini wakeyo sazindikira. Amadzandira, amabwebweta, amakwiya popanda chifukwa, amaumirira kuti ali bwino. Musadikire kuti thukuta lisiye kutuluka. Pa masewera munthu akhoza kukhala pangozi ali nyowe ndi thukuta.

Mukamuwona wotere, muimitseni ngakhale akane. Muziziritseni pomwepo, uku wina akuitana achipatala. Njira yachangu kwambiri ndi kumumiza thupi lonse, kupatula mutu, m'madzi ozizira a ayezi. Ngati palibe, mugonekeni pamthunzi, muvuleni zothina, mumuthire madzi ozizira mosalekeza, musinthesinthe nsalu zonyowa thupi lonse uku mukumukupiza. Ngati wasokonezeka kapena wakomoka, musamumwetse kanthu. Madokotala a masewera amafuna thupilo litazizira mphindi 30 zisanathe chigwereni munthuyo, n'chifukwa chake amayamba kuziziritsa, galimoto yopita kuchipatala pambuyo.