Ufumu wa Talossa ndi vuto la nzika zongolembetsa dzina

Zikomo a wapampando. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, sunthirani kuno pang'ono kuti timvane bwino.

Mwandipempha kuti ndilankhule za chimene chimachititsa anthu kuleka kubwera ku zinthu zimene analowa okha, popanda wowakakamiza. Nkhaniyi tikaionera kutali, ku America, pa kadziko kena komwe simungakapeze pa mapu. Dzina lake ndi Talossa.

Pa 26 Disembala 1979, mnyamata wa zaka 14 dzina lake Robert Ben Madison, wa mumzinda wa Milwaukee m'chigawo cha Wisconsin, analengeza kuti chipinda chake chogona ndi dziko loima palokha ndipo mfumu yake ndi iyeyo. Ana ambiri amasewera zotere n'kuiwala. Uyu sanaiwale. Anakoka achibale ndi anzake a kusukulu, analemba malamulo, ndipo mu 1980 anayamba kupeka chilankhulo cha dzikolo, chomwe lero chili ndi mawu masauzande ambiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 Talossa inafika pa intaneti, ndiye anthu a ku Ulaya, ku Australia ndi kwina, oti ku Milwaukee sanapondeko, anayamba kupempha unzika.

Timvetsetsane apa. Palibe boma lililonse padziko lapansi limene limavomereza kuti Talossa ndi dziko. Nzika zake zimakhoma msonkho kwawo komwe zikukhala, zimamvera apolisi a kwawoko. Ndi chinthu chochita pa nthawi yopuma. Koma amachichita ndi mtima wonse, ndipo dongosolo lawo ndi lathunthu. Pali mfumu. Pali Nyumba ya Malamulo yotchedwa Ziu, ya zipinda ziwiri: Cosa, yomwe ili ndi mipando 200 yogawidwa kwa zipani molingana ndi mavoti amene chipani chilichonse chapeza, ndi Senäts, momwe zigawo zawo 8 zimatumizako munthu mmodzimmodzi. Nduna yaikulu amaitcha Seneschal. Khothi lalikulu liliponso.

Ntchito ya aphungu imayenda chonchi. Phungu akakhala ndi ganizo, amalemba bilu n'kuiika poyera kuti anzake aikambirane ndi kuikonza. Kumayambiriro kwa mwezi, mlembi wamkulu wa boma amasonkhanitsa mabilu onse okhwima m'chikalata chimodzi chomwe amachitcha Clark. Phungu aliyense amayankha pa bilu iliyonse kuti wavomera, wakana, kapena sakutenga mbali. Pansi pake pamakhala funso lina lomwe limabwera mwezi ndi mwezi: kodi boma limene lilipoli mukadalikhulupirira? Ambiri akati ayi, boma lagwa, chisankho chiitanidwe.

Tsono funso langa ndi ili. Mipando ndi 200, nanga anthu oikhala ali kuti? Nzika za Talossa sizinapitirirepo mazana ochepa, ndipo mwa amenewo, amene amaoneka sabata ndi sabata ndi kagulu kochepa kwambiri. N'chifukwa chake malamulo awo amalola kuti munthu mmodzi atenge mipando ingapo ya chipani chake. Yemweyo amene ali phungu mupeza kuti ndi ndunanso, akuyendetsanso chigawo chake, akulembanso nyuzipepala. Akadwala, kapena ntchito yomwe imamudyetsa ikamuchulukira, maudindo atatu amaima tsiku limodzi. Vutoli n'limene lakhala likusautsa ufumuwu zaka zambiri, ndipo pa chisankho chilichonse pafupifupi chipani chilichonse chimalonjeza kuti chidzutsa anthu.

Ine ndimaikonda nkhani ya Talossa chifukwa kumeneko kulibe chobisalira. Kulibe malipiro, kulibe alawansi ya msonkhano, kulibe ndende. Munthu akatopa amangotseka kompyuta, basi. Choncho chimene chimasunga anthu, ndi chimene chimawathamangitsa, chimaoneka poyera.

Choyamba chimene chinawathamangitsa chinali mfumu yomwe. Madison anali munthu waluso, ndipo popanda iye kukanakhala kulibe Talossa. Koma dzikolo ankaliona ngati lake, pomwe anthu amene anabwera pambuyo anali atathirapo thukuta lawo ndipo ankafuna mawu awo azimveka. Mikangano inakula, ena ankadandaula kuti aliyense wotsutsana ndi mfumu akuchitiridwa nkhanza, mpaka pa 1 Juni 2004 gulu la nzika zakhama linachoka n'kukayambitsa Republic of Talossa, dziko lopanda mfumu. Taonani amene anachoka: sanali ongolembetsa dzina ayi, anali ogwira ntchito enieni. Mu 2005 Madison mwiniwake anatula pansi ufumu. Mu 2007 a Talossa anaika John Woolley pampando wa ufumu, ndipo zinatenga mpaka 2012 kuti mbali ziwirizi zibwererane. Obwerera aja anawapatsa chigawo chawochawo, chotchedwa Fiova. Zaka 8 anthu okonda chinthu chimodzi anakhala mosiyana chifukwa cha funso loti mwini wake ndani.

Kodi kufooka kwa nzika a Talossa analimbana nako bwanji? Njira imodzi imene anaika ndi lamulo loti munthu akakhala nthawi yaitali osavota, amatengedwa kuti unzika wautaya yekha ndipo dzina lake limafufutidwa. Lamuloli lili ndi ubwino wake, chifukwa kaundula amanena zoona, sakhala wodzaza ndi anthu amene anaiwala kalekale kuti analembetsa. Koma ine sindikhulupirira kuti limadzutsa munthu. Zili ngati mphunzitsi amene akuitana mayina m'mawa: mwana ayankha kuti "ndilipo", kenako maganizo ake n'kupita kudambo. Nyengo ya chisankho atsogoleri a zipani amalembera makalata nzika zimene zinazimirira, kuzichonderera kuti ziponye voti. Munthu aponya, mwina pongofuna kuteteza dzina lake, kenako zii mpaka chisankho china. Mavoti achuluka, koma wolemba bilu akadali yemwe uja.

Pamene ndikuona kuti pali nzeru ndi pa kalandiridwe ka mlendo. Ku Talossa sungolemba fomu n'kukhala nzika. Wofunsira amayenera kudzifotokoza, kucheza ndi nzika kwa masiku angapo, ndipo pamafunika nzika ina imene imuimire, kupempha boma kuti munthuyu alandiridwe. Apa ndiye pagona nkhani. Mlendoyo amalowa ali kale ndi munthu mmodzi womudziwa. Koma kulandira kokha sikokwanira. Masabata oyamba aja, munthu ali ndi chidwi, amafunika kupatsidwa ntchito yeniyeni, yaing'ono koma yoti akapanda kuichita aliyense aona kuti pasowa kanthu. Popeza mipando ya Cosa imagawidwa ndi zipani, chipani chikhoza kupatsa watsopano mipando ingapo, mwezi wotsatira iye n'kukhala akuvota pa malamulo a dziko. Wina sakonda ndale, koma akhoza kuphunzira chilankhulo chija, kujambula zizindikiro za mabanja, kapena kusunga mbiri. Munthu amabwerera kumene akudziwa kuti akumudikira. Chimene chimapha chidwi msanga ndi kufika n'kupeza akuluakulu akukangana nkhani za zaka 20 zapitazo, m'mawu odziwa okha, iwe funso lako osayankhidwa.

Ndinenenso za maudindo. Gulu likayamba kuchepa, atsogoleri amathamangira kupanga maudindo atsopano, poganiza kuti dzina laulemu likopa anthu. Zotsatira zake ndi unduna wopanda nduna ndi nyumba za malamulo za m'zigawo zomwe zimatha miyezi osakumana. Ine ndikanakhala mlangizi wawo ndikanati chepetsani mipando ifanane ndi manja amene alipo, kuti wopikisana apeze wopikisana naye. Chisankho chimene munthu amadutsa wopanda womutsutsa sichiitana aliyense kudzaonerera.

Nanga mfumu ntchito yake n'chiyani pa zonsezi? A Talossa akhala akukangana zaka zambiri kuti mfumu ikhale ndi mphamvu zochuluka bwanji, ndipo zipani zina zimafuna kuti mtsogoleri wa dziko azisankhidwa. Kuti tione kuopsa kosiya zonse m'manja mwa banja limodzi, tiyeni ku Australia. Mu 1970 mlimi wina, Leonard Casley, atakangana ndi boma pa za malire a tirigu amene ankaloledwa kugulitsa, analengeza kuti famu yake ndi dziko, Hutt River. Alendo ankapita kukaona, ankagula masitampa ndi ndalama zake, ambiri analembetsa unzika ali kutali. Koma chilichonse chinkayendera iye ndi banja lake. Anatula ufumu kwa mwana wake Graeme mu 2017, anamwalira mu 2019, ndipo mu 2020 Hutt River inatsekedwa, malo n'kugulitsidwa kuti abweze ngongole ya msonkho. Nzika za pa pepala zija panalibe chimene zikanachita, chifukwa sizinapatsidwepo gawo.

Talossa inataya woiyambitsa koma inapitirira, chifukwa pofika nthawi imeneyo panali anthu odziwa kuyendetsa chisankho, kusonkhanitsa mabilu ndi kuweruza milandu popanda kufunsa kwa mfumu. Kwa ine, mfumu ya dziko lotere ili ndi ntchito zitatu zokha zofunika: kuonekera kawirikawiri kuti anthu adziwe kuti pampando pali munthu, kuthokoza pagulu amene agwira ntchito powatchula mayina ndi kuwapatsa ulemu, ndi kudziletsa pamene aphungu apanga chimene iyo sikugwirizana nacho. Chachitatuchi n'chimene chinamukanika Madison.

A wapampando, ndaona manja awiri akwezedwa uko. Tiyambe ndi mayi ali pafupi ndi khomowo.