Kujambula korali pa maikulosikopu popanda kumupweteka ndi kuwala

Anzanga a mu labotale, tamvani izi musanayike kachidutswa ka korali wa mtundu wa Acropora pa maikulosikopu. Korali si mwala ayi, ndi tinyama tamoyo ta m'nyanja yamchere, ndipo kuwala timakumva. M'minofu mwake mumakhala ndere zing'onozing'ono, iliyonse kukula kwake pafupifupi ma micrometre 10 (gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita), zomwe zimamupangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. Kuwalako kukachuluka, nderezo zimalandira mphamvu yoposa yomwe zingathe kugwiritsa ntchito, n'kuyamba kutulutsa zinthu zowononga maselo. Korali amalavula nderezo, n'kuyera mbuu.

Ndiye poyambira ndi apa. Mukadula kachidutswa, kasapitirire masentimita awiri, kabwezereni m'thanki kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti bala lipole. Kongodula kumene kamatulutsa mamina ambiri, chithunzi chimachita chifunga.

Madzi a m'kambale kojambulira akhale omwewo a m'thanki, mchere magalamu 35 pa lita, kutentha madigiri 25 mpaka 27, ndipo aziyenda pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kambale kakang'ono kamatentha msanga ndi nyali, madzi amauma, mchere umatsala. Powonjezera thirani madzi oyera opanda mchere, osati a m'nyanja, apo ayi mukungowonjezera mcherewo.

Mukakayika, zimitsani magetsi, dikirani mphindi 20 kapena 30 kuti tinyama titulutse timanja tawo. Pofunafuna malo ojambula gwiritsani ntchito kuwala kofiira kochepa. Kwa buluu, kochokera ku nyali ya laser ya ma nanometre 488, muyatse pokhapokha mukujambula, ndipo muyambire pansi penipeni. Minofu ya korali idzawala mobiriwira, ndere zidzawala mofiira chifukwa cha chlorophyll, chinthu chomwe zimakolera kuwala. Chithunzi chikada, onjezerani mphamvu ya kamera kaye, laser muisiye.

Maso anu akhale pa timanja tija. Tikayamba kufupika, kapena kanyama kakalowa m'chibowo chake, dziwani kuti mwapyola muyezo. Zimitsani, kasiyeni kapume. Mukapitiriza, zomwe mukujambulazo ndi korali wovutika ndi nyali yanu, osati khalidwe lake lenileni. Ngati muli ndi maikulosikopu ya light-sheet, ndiye yabwino pojambula maola ambiri, chifukwa imawalitsa kagawo kopyapyala komwe mukujambula kokha, pomwe maikulosikopu ya mtundu wina, ya confocal, imawalitsanso pamwamba ndi pansi pake.

Mukamaliza, tsukani galasi la maikulosikopu lolowa m'madzi ndi madzi opanda mchere nthawi yomweyo. Mchere ukaumirapo umakanda galasi, umadyanso chitsulo.