Makalata a omvera: msuweni wongoti duu pa tebulo

Moni omvera nonse. Thumba la makalata sabata ino lalemera, ndipo ambiri mwalemba za Dungeons & Dragons, masewera aja oti anthu amakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kumasimba nthano, ena onse aliyense ali ndi mpangankhani wake, madayisi n'kumaweruza ngati zomwe wayesa zatheka.

Wa ku Zomba akufunsa ngati masewerawa ndi atsopano. Ayi achimwene, anatuluka mu 1974 ku America, owapanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Atsopano ndife. Mayi a ku Kasungu akuda nkhawa kuti mwana wawo wayamba juga. Palibe ndalama imene imabetchedwa apa mayi, gonani tulo.

Tsono kalata iyi ndiyo yandikhudza. Yachokera ku Johannesburg, kwa mchemwali wathu amene amayendetsa masewerawa Loweruka lililonse. Akuti: "Ndinatengana ndi msuweni wanga yemwe wangofika kumene kuchokera kumudzi. Masabata anayi tsopano, amangoti duu. Ndikamufunsa kuti ukufuna kuchita chiyani, amati zomwe achite anzanga. Kodi ndimuuze asiye kubwera?"

Achemwali, pepani, ndikudzudzulani pang'ono. Munthu wabwera masabata anayi osajomba, ndiye mukuti sakufuna? Cholakwika ndi funso lanulo. Lakula ngati nyanja. Taganizani: patsogolo pake pali pepala lodzaza manambala, dayisi ya mbali 20, ina ya 12, ina ya 8, anzake ayamba kale kukuwa, iye sakudziwa n'komwe zololedwa ndi ziti. Inenso ndikanangoti duu, chonsecho pakamwa pangapa ndi pomwe pamandidyetsa!

Kumbukirani agogo poyamba nthano. Iwo "Padangokhala!" ife "Tili tonse!" Sankatifunsa kuti nthano ilowere kuti. Ankatipatsa kagawo kakang'ono koti tivomere, kenako kanyimbo, mpaka wamanyazi uja n'kumaimba mokweza kuposa tonse. Inunso teroni. Mutchuleni dzina la mpangankhani wake, muti: "Mlonda wa pachipata akuyang'ana iwe, dzanja lili pa mkondo. Umunyengerera, umunamiza, kapena uthawa?" Zitatu basi. Akasankha, dayisi aponye yekha, ndipo inu mudikire ngakhale patakhala zii kwa kanthawi. Akamunamiza mlondayo n'kupambana, sabata yamawa mlonda yemweyo amukumbukire, amupatse moni ngati bwana. Munthu akaona kuti mawu ake atembenuza nkhani, ulendo wotsatira sadikira kufunsidwa.

Mukamuperekeza kukakwera takisi, mufunseni awiriwiri chomwe chinamusangalatsa. Mwina mupeza kuti amangokonda kumvetsera. Alipo anthu otero, ndipo si mlandu.

Makalata ena atatu akudandaula zomwezi, koma ndaona chinthu: palibe ndi mmodzi yemwe amene wadandaula za olongolola. Inu akatswiri oloweza malamulo onse, ndinu amene mumamuyankhira mlendo asanatsegule pakamwa, kumulanda dayisi, kumuuza kuti "iwe ingomenya ndi lupanga." Kenako mukuti ndi wachete! Khalidwe limeneli sililinso pa masewera pokha. Ku kwaya lilipo, ku banki m'khonde lilipo, pa msonkhano wa banja ndiye osanena: olankhula ndi omwewo chaka ndi chaka, watsopano angovomera. Chonsecho makolo anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kakumetani bwanji kali m'thumba?

Womaliza ndi wa ku Mangochi, akuti madayisi amenewa sakuwapeza. Achimwene, malamulo oyambira ali pa intaneti aulere, ndipo za dayisi dulani timapepala 20, lembani manambala, ponyani m'chipewa. Koma chipewacho achigwire wina, inu ndakukayikirani kale. Tiyeni timvere nyimbo.