Mpata wa mabering'i ndi oyilo pa injini ya marevu ambiri

Chabwino anzanga, inu mwaima kumbuyoko tasenderani muone kachitsulo ndagwiraka. Bering'i iyi ndinaichotsa mu injini yomwe inanoka, taonani mmene yapsera mpaka kopa kuonekera, mwini wake ankati vuto ndi oyilo koma titayeza tinapeza kuti mpata unali wothina.

Timvane kaye apa, crankshaft, shafti yaikulu ya mu injini yomwe mapisitoni amazungulitsa, ikamazungulira siyenera kukhudza bering'i ayi, imayandama pa kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi, ndiye mpata mwasiyawo ndi umene kaoyiloko kamakhalamo. Poyambira pake ndi 0.001 inchi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa journal (gawo la crankshaft lomwe limazungulira mkati mwa bering'i), kutanthauza kuti ya 50 mm ikufuna cha m'ma 0.05 mm. Koma ngati injiniyo muzikaipondereza mpaka 8000 rpm onjezerani pang'ono, ngati 0.013 mm, chifukwa pa marevu amenewo con rod, kachitsulo kolumikiza pisitoni ndi crankshaft, imakokeka, bowo lake limasiya kukhala lozungulira bwinobwino n'kuyamba kutsina bering'i m'mbali, oyilo wodutsa kukachotsa kutentha amachepa, kenako bering'i imagwira n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi shafti, basi yatha injini. Mukatayiriranso kwambiri oyilo amangothawira m'mbali, pressure n'kugwa.

Chonde yezani, osamangokhulupirira zalembedwa pa katoni. Micrometer pa journal, dial bore gauge mkati mwa bering'i mabawuti mutamanga kale ndi torque wrench, kusiyana kwa miyezo iwiriyi ndiye mpatawo, ndipo muyeze chotsika kuchokera pamwamba, osati pomwe zidutswa ziwiri za bering'i zakumana, pamenepo mpata umakhala waukulu dala. Plastigage, kaulusi ka pulasitiki koyezera mpata, ine ndimangotsimikizira nayo, sindiidalira yokha. Ndipo block ya aluminiyamu ikatentha imafutukuka kuposa yachitsulo, mpata wa ma main, mabering'i ogwira crankshaft mu block, umakula, muziwerengera zimenezo.

Oyilo naye azitsatira mpata. Wothina umafuna wopepuka ngati 5W-30, waukulu umafuna wolemererapo ngati 15W-50. Pressure amakaniko akale amati 10 psi pa 1000 rpm iliyonse, oyilo atatentha, osati m'mawa mutangoliza kumene.

Chomwe chimandipweteka mtima n'choti munthu amayeza zonsezi bwino koma kuiwala sampu, mokhala oyilo kunsi kwa injini. Mukakhota mwamphamvu oyilo yense amathamangira mbali imodzi, pampu n'kuyamwa mpweya, kanthawi kochepa kokha bering'i yauma. Ikani ma baffle, timalata totchinga oyilo mu sampu kuti asathamangire mbali imodzi. Ndipo musanalize koyamba chotsani mapulagi, izungulire ndi sitata mpaka geji ionetse pressure, kenako mubwezere.