Makalata Anu: Mabuku Otsekeredwa M'kabati

Takulandiraninso, omvera athu, ku gawo la makalata anu. Sabata ino ambiri mwalemba za malaibulale a m'sukulu. Tiyambe ndi kalata ya mphunzitsi wina wa ku pulayimale amene amayang'anira mabuku. Akuti:

"Sukulu yathu inalandira makatoni a mabuku a nthano. Aphunzitsi aakulu anawatsekera m'kabati, ati ana awang'amba ndi kuwataya, ndipo oyendera sukulu adzafunsa chiwerengero chake. Ino ndi teremu yachitatu kiyi ali m'thumba mwawo. Nditani?"

Aphunzitsi, kalata yanu yandikhudza kwambiri. Mantha a akuluwo ndi omveka, koma buku lotsekeredwa silipulumuka ayi. M'kabati yosatsegulidwa chinyezi chimamatanitsa masamba, nkhungu imamera, mphemvu zimadya guluu wa kumsana kwa buku, chiswe n'kudzamalizitsa. Mukachedwa, chiswecho n'chimene chidzakhoze mayeso, poti ndicho chikuwerenga!

Musapite kukakangana nawo, pitani ndi dongosolo m'manja. Konzani makaundula awiri. M'kaundula woyamba buku lililonse lipatsidwe nambala yakeyake, kenako mutu wake, mlembi ndi tsiku limene linafika. Nambalayo muilembenso mkati mwa chikuto. Chidindo cha sukulu chidindidwe pa tsamba loyamba komanso pa tsamba lina lamkati, lomwelomwelo m'mabuku onse, chifukwa tsamba loyamba ndilo limayamba kuthothoka. Kaundula wachiwiri ndi wobwereketsera: dzina la mwana, kalasi, nambala ya buku, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Mwana mmodzi, buku limodzi, masabata awiri. Yambani ndi kalasi imodzi, mwezi woyamba aziwerengera pasukulu pomwepo, kenako azipita nawo kunyumba. Pakutha pa teremu werengani mabuku onse motsatira kaundula woyamba uja. Akuluwo akaona kuti buku lililonse likudziwika komwe lili, kiyi uja atuluka.

Shelefu yapansi italikirane ndi simenti masentimita 15, ndipo isagunde khoma, kuti mpweya uziyenda komanso muziona msanga njira za chiswe. Dzuwa la pazenera limafwifwitsa zikuto. Mabuku a ana aang'ono akhale pofikira dzanja lawo, ena chikuto chitayang'ana kutsogolo, chifukwa mwana amakopeka ndi chithunzi asanawerenge mutu.

Tsono aphunzitsi aakulu amene mukumvera, ndilankhule nanu mwaulemu. Mumaphunzitsa ana za kukhulupirika pa bolodi, koma mwana adzakhulupirika bwanji ngati sanapatsidwepo kanthu koti asunge? Amene walembetsa buku n'kulibweza pa tsiku lake waphunzira kusunga lonjezo. Amene akudikira kuti mnzake amalize waphunzira kuti chinthu cha onse sachiumirira. Wina adzabwera nalo litanyowa ndi mvula, ali njenjenje ndi mantha. Akanena zoona, muyamikireni kaye, kenako mukhale naye pansi mukonze bukulo limodzi. Chindapusa chachikulu chimangochititsa ana kubisa buku n'kusiyiratu kubwera. M'mera mpoyamba, makhalidwe amenewa amakhazikika mwana akadali wamng'ono. Mabuku ena adzatayika ndithu, ena adzatha ndi manja. Zilembeni m'kaundula, ntchito ipitirire.

Bambo ena akufunsa ngati selotepi ndi yabwino pokonza tsamba long'ambika. Ayi bambo, imauma n'kumatuka, n'kusiya banga lachikasu. Pakani guluu woyera pang'ono m'mphepete mong'ambikamo, ikani kapepala kapulasitiki mbali zonse ziwiri kuti masamba asamatane, tsekani buku n'kulitsamiza ndi chinthu cholemera usiku wonse.

Mphunzitsi wa ku sekondale akufunsa za kasanjidwe. Njira ya Dewey, imene Melvil Dewey anaifalitsa mu 1876, imagawa mabuku m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 999: sayansi ili pa 500, zolembalemba pa 800, mbiri ndi jogalafe pa 900. Ku sekondale imathandiza. Ku makalasi oyambirira ingomatani timapepala tamitundu kumsana: tobiriwira pa mabuku osavuta, tofiira pa ovutirapo.

Mayi ena akudandaula kuti mwana wawo amatenga buku n'kulisiya pa tsamba lachitatu. Mayi, mwina bukulo lamukulira. Atsegule tsamba lapakati aziwerenga, ndipo mawu aliwonse amene sakuwadziwa apinde chala. Zala ziwiri kapena zitatu, bukulo n'lomuyenera. Zikakwana zisanu, alisunge kaye, kapena mumuwerengere ndinu.

Ndipo iwe mtsikana amene ukufunsa ngati mabuku a zithunzi zoseketsa ndi kuwerenga kwenikweni: inde mwanawe, werenga, usachite manyazi.

Pali dandaulo lina limene labwera m'makalata angapo, ndipo landipweteka mtima. Akuti mwana akasokosa m'kalasi amatumizidwa ku laibulale ngati chilango, ndipo akamaliza nthano amauzidwa kuti alembe mayankho a mafunso. Aphunzitsi anga, chonde siyani. Chipinda chimene mwana amapitako akalakwa sangachikonde. Nthano imaphunzitsa chifundo chifukwa mwana amalowa m'moyo wa munthu wina, wamasiye, mlendo, wosekedwa ndi anzake, n'kumva zimene iye akumva. Mukamupanikiza ndi mafunso, amangosaka mayankho, mtima osakhudzika. Ikani nthawi ya laibulale pa ndandanda wa maphunziro sabata iliyonse. Tsiku lililonse awerengereni mokweza mphindi 15, muzisintha mawu monga mwa olankhula m'nkhanimo, ndipo muziimira pamene nkhani yafika pokoma. Afunseni kuti, "Ukanakhala iwe ukanatani?" Pa nthawi yowerenga mwakachetechete inunso gwirani buku lanu, osati kuchonga makope, chifukwa ana amatsanzira zimene akuona.

Pomaliza, komiti ina ya makolo ikufunsa tsiku labwino lotsegulira laibulale yawo. Pa 23 Epulo ndi Tsiku la Mabuku Padziko Lonse, limene bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1995, ndipo mwambowo ungayenere tsikulo. Koma kubwereketsa kokha kuyambe Lolemba likubwerali, musadikire mwambo.

Nthawi yatithera. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.