Makhothi a Fedulo ku America ndi Majaji Okhala pa Mpando Moyo Wonse

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikambe za makhothi a fedulo ku United States, komanso chifukwa chake kusankha jaji mmodzi yekha kumagwedeza dziko lonselo.

[Pa sikirini: mapu a America]

America ili ndi makhothi a mitundu iwiri. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50, kaya Texas kaya California, chili ndi malamulo ake ndi makhothi ake, ndipo milandu yambiri, ya kuba, ya ukwati, ya ngozi za pamsewu, imathera komweko. Makhothi a fedulo amamva milandu yokhudza malamulo aakulu a dziko, malamulo opangidwa ndi nyumba ya malamulo ya Congress, milandu ya boma la ku Washington, ndiponso mikangano ya anthu a m'zigawo zosiyana ngati ndalama zimene akulimbirana zaposa madola 75,000.

Mlandu umayambira mu khothi la district, ndipo makhothi oterewa alipo 94. Ndi m'menemo mboni zimalumbira. Wosakhutira amachita apilo ku limodzi mwa makhothi 13 a apilo, kumene majaji atatu amaunika ngati lamulo linatsatidwa, osaitananso mboni. Ambiri ulendo wawo umathera pomwepa, chifukwa khothi lalikulu la Supreme limasankha lokha milandu yoti limve. Madandaulo amafika zikwizikwi chaka chilichonse, koma omvedwa safika ngakhale 100, ndipo pamafunika majaji 4 mwa 9 kuti avomere.

[Pa sikirini: nyumba ya khothi la Supreme ku Washington]

Tsopano mvetserani bwino apa. Jaji wa fedulo amasankhidwa ndi pulezidenti, aphungu a Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, n'kumuvomereza. Akangolumbira, basi. Palibe zaka zopumira pa ntchito, ndipo malamulo aakulu amaletsa kumuchepetsera malipiro. Clarence Thomas analowa mu khothi la Supreme mu 1991, ndipo mapulezidenti akhala akusinthana iye ali pomwepo.

Kumuchotsa n'kotheka, koma n'kovuta mwadala. Nyumba ina ya Congress, ya House of Representatives, imamuimba mlandu, kenako magawo awiri mwa atatu a Senate ayenera kumupeza wolakwa. M'mbiri yonse ya dzikolo, majaji 8 okha ndi amene anachotsedwa motere, onsewo a makhothi a m'munsi. Mu 1804 anzake a pulezidenti Thomas Jefferson anayesa kuchotsa Samuel Chase wa ku Supreme pomunena kuti amalowetsa ndale m'khothi. Senate inakana mu 1805, ndipo kuyambira pamenepo zinakhazikika kuti jaji sachotsedwa chifukwa choti chigamulo chake chakwiyitsa olamula.

Chitetezo chonsechi n'chachiyani? Mu 1803, pa mlandu wa Marbury ndi Madison, jaji wamkulu John Marshall anagamula kuti khothi likhoza kukana lamulo la Congress ngati likusemphana ndi malamulo aakulu. Munthu wogwira ntchito yotere sayenera kugona akuopa kuti mawa amudula malipiro. Mu 1954, pa mlandu wa Brown, majaji onse 9 anagwirizana kuti kupatula ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kosaloleka, ngakhale ankadziwa kuti zigawo za kum'mwera ziwira ndi mkwiyo. Komatu khothi lilibe asilikali. Mu 1957 zinatengera pulezidenti Eisenhower kutumiza asilikali ku Little Rock kuti ana 9 akuda alowe m'kalasi.

Vuto ndi lakuti mpando wa moyo wonse umasandutsa tsiku losankha jaji kukhala nkhondo. Mu Malichi 2016 pulezidenti Barack Obama anasankha Merrick Garland kuti akhale jaji wa Supreme, koma a chipani cha Republican, omwe anali ambiri mu Senate, anakana ngakhale kumufunsa mafunso, ati chisankho chayandikira. Mu Okutobala 2020 anthu omwewo anavomereza Amy Coney Barrett, wosankhidwa ndi Donald Trump, ndi mavoti 52 kwa 48, patatsala sabata imodzi kuti anthu aponye voti. Mu 2022 khothilo linafafaniza chigamulo cha mu 1973 cha Roe ndi Wade chokhudza kuchotsa mimba, ndipo Barrett anali mmodzi wa ofafanizawo.

Kwa ine, si bwino kuti tsogolo la malamulo a dziko lidalire tsiku limene nkhalamba ina yatsikira kuli chete. Jimmy Carter analamula zaka 4 osasankha jaji wa Supreme ndi mmodzi yemwe, pamene Trump anasankha atatu pa zaka 4 zake zoyamba. N'chifukwa chake ena akufuna kuti majaji a Supreme azikhala zaka 18 zokha, kuti pulezidenti aliyense azisankha awiri pa ulamuliro wake. Ndikugwirizana nawo. Koma akatswiri ambiri a malamulo amati zimenezi zingafunike kusintha malamulo aakulu, ndipo kuti zitero payenera kuvomera zigawo 38 mwa 50.