Zopopa m'zimbudzi zitha kuyatsa boyila ya fakitale

Moni nonse amene mukuonera, lero tili pa Salima boma pano, ndipo nkhani yathu enanu mugwira mphuno koma musachoke ayi. Mwaionapo galimoto ija yopopa maseptiki tanki m'malojii a ku Senga Bay? Matope akuda bii amene imanyamula aja ndi mafuta oyatsira moto abale, kungoti sitinazolowere kuwaona choncho.

Pali njira ziwiri zopezera moto kuchokera m'matopewa. Njira yoyamba ndi ya gasi. Matope aja amawathira muthanki yotseka bwinobwino yoti mpweya usalowemo, kenako mabakiteriya amene sakonda mpweya amayamba kudya zonyansazo n'kumatulutsa bayogasi, pamafunika kutentha kwa madigiri 35 kapena 37 ndipo zimatenga masabata awiri mpaka anayi, ndiye ndi mmene kumatenthera kunyanja kuno kwa ife ndi mwayi kale. Gasi ameneyu pafupifupi 60 peresenti ndi methane, ndi amene amayakayo. Mumakhalanso kampweya kena konunkha ngati dzira lovunda, kameneko amakachotsa kaye chifukwa kamadya zitsulo za injini imene imagwiritsa ntchito gasiyu popanga magetsi. Ku Johannesburg pamalo awo aakulu oyeretsera madzi a m'zimbudzi anayamba kupanga magetsi ndi gasi wotereyu.

Koma ine imene yandigwira mtima ndi yachiwiriyi, yowumitsa. Vuto la matope amenewa ndi madzi, kuposa 90 peresenti ndi madzi okhaokha, ndiye kuwayatsa ali chonchi olo mutani sangayake. Ku Naivasha ku Kenya kampani ya Sanivation imawatenthetsa kuti tizilombo tife, n'kusakaniza ndi zinthu ngati utuchi, kenako kuumba mabriketi amene amagulitsa kumafakitale oti m'mbuyomu ankagwiritsa ntchito nkhuni poyatsa maboyila awo, mathanki aakulu owiritsira madzi aja. Akauma bwino sanunkha ngati mmene mukuganiziramo. Maiko ena amaponya matope owumawa mu uvuni yopangira simenti mmene kutentha kumafika madigiri 1,450, phulusa lake limangolowa musimenti momwemo, palibe chotaya.

Ndiye taganizani, dzuwa limene likupanga magetsi okwana mamegawati 60 pa sola ya kampani ya JCM kuno ku Salima ndi lomwelo lingaumitse matopewa mwaulere. Ndipo zoyatsa zinyalala pafakitale si zachilendo kwathu kuno, ku Dwangwa a Illovo amayatsa maboyila awo ndi zotsalira za nzimbe kuyambira kalekale.

Chimene chimandiwawa ndi ichi, kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja tinalira kwambiri. Zimbudzi zikadzaza mvula n'kubwera, zonse zimathera m'madzi omwe ana athu akusamba ndi kumwa. Matopewa atakhala ndi wogula, wopopa sangakawataye kutchire chifukwa akhala akutaya ndalama.

Koma chonde musakatape nokha m'dzenje ndi ndowa, muli mazira a njoka za m'mimba amene safa msanga, pamafunika magolovesi, magambutsi, malo otchingidwa kutali ndi zitsime komanso chilolezo cha kukhonsolo.